Chitedze ndi Kanungu M'munda wa Anaphiri

Ana anga, za ubwana wanga sindilemba, chifukwa ndinali mwana ngati ana ena onse, kupatula kuti ndinkadya kwambiri. Ndiyambira pa ntchito. Mwakhala mukundifunsa kuti zinatheka bwanji kuti ndipume ndili pa udindo womwewo umene ndinayambira, pamene anzanga ena anafika pokhala ndi galimoto ndi munthu wowatsegulira chitseko. Ndakhala ndikukuyankhani kuti ndinkakonda kuyenda pansi. Si bodza lenileni, koma si zonse. Zonsezo ndi izi.

Moatize, 1993

Nkhondo itatha ndinali mnyamata wopanda chochita koma wooneka ngati wophunzira. Ku sukulu ya zaulimi ndinakhalako zaka ziwiri mwa zitatu. Pofika chaka chachitatu, ine ndi sukuluyo tinakhala pansi n'kugwirizana kuti tisiyane mwamtendere, ndipo amene anatiyanjanitsa pa chisankhocho anali mphunzitsi wa sayansi ya kimika. Choncho diploma ndinalibe. Mwamwayi, bungwe lina lothandiza anthu amene ankabwerera kuchokera ku Malawi linkafuna alangizi a zaulimi, ndipo nthawi imeneyo munthu wodziwa kuti chimanga chimamera choloza kumwamba anali kale katswiri.

Amene anandilemba ntchito anali shefi Baltazar, ndiye kuti bwana wathu, injiniya wochokera kumwera, wamtali, wonunkhira sopo wabwino. Ankavala malaya oyera tsiku lililonse, ku Moatize, kumene fumbi la malasha limasandutsa nkhuku yoyera kukhala ya mtundu wina. Chinyanja sankachimva, Chinyungwe ankangodziwa moni, ndiye tinkalankhulana m'Chipwitikizi. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka ku nsapato za malemu atsibweni anga aakulu n'kufunsa kuti, "Umadziwa chiyani iwe?"

"Magawo awiri mwa atatu a chilichonse, shefi."

Anaseka mpaka kugwira tebulo. "Ndili ndi ena amene amadziwa zonse, ndipo andivutitsa. Uyambe Lolemba, tekiniko." Kuyambira tsiku limenelo dzina langa la ubatizo linapuma, ndinakhala Tekiniko, mmene ankatchulira mlangizi m'Chipwitikizi, mpaka lero.

Za kusowa kwa zinthu m'chaka chimenecho mungalembe buku. Makasu anabwera opanda mipini. Mbewu inafika chimanga cha anthu chili m'mawondo. Tinalandira njinga yamoto yatsopano, yofiira, yokongola ngati mkwatibwi, koma gazolina kunalibe. Tinaiimika pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa ofesi, ndipo masana tinkasinthana kukhalapo kuti isaiwale ntchito yake. Koma shefi Baltazar sanali munthu wotaya mtima. Ankadziwa mlendo aliyense wofunika ndi dzina la mkazi wake, ankadziwa pamene ayenera kuima pojambulitsa, ndipo sindikunena izi momunyoza. Chifukwa cha luso limenelo makasu ena anabwera ndi mipini.

Zobue, 1994

Ananditumiza ku Zobue, kumtunda, kumene munthu wa ku Moatize amafika n'kuzindikira kuti mphepo yozizira si nkhambakamwa. Ndinkagona kuseri kwa loja ya Che Amadu, Msilamu wogulitsa mchere, sopo, singano ndi uphungu, ngakhale uphunguwo ankapereka ulere kwa aliyense amene sanathawe msanga. Anthu anali akubwerabe kuchokera kutsidya kwa malire, atasenza malona, ndowa ndi ana obadwira kumisasa amene kwawo kuno ankakuona koyamba. Nyumba sanazipeze. Minda anaipeza, koma inali ndi mwini wake watsopano, ndiye chitedze. Chinali chitakwera mitengo ya mango, chitakuta zitsa za nkhokwe, chitayanga paliponse pamene kale panali bwalo, makoko ake aubweya akulendewera ngati zala za munthu woitana.

Shefi anandilamula kuti ndipeze munda wachitsanzo m'mbali mwa msewu, woti alendo aziuona osadetsa nsapato. Munda umene unagwera m'maso mwake unali wa mayi wina wamasiye, Anaphiri, amene inu munadzawadziwa ngati agogo anu. Ndinawapeza akumata khoma la kanyumba kawo.

"Odi amayi. Ndine mlangizi."

"Tamva. Mbewu mwabwera nayo?"

"Ili m'njira, amayi."

"Nafenso takhala m'njira zaka zonsezi. Khalani pansi."

Mwana wawo wamkazi, Rosina, ndiye ankaponda dothi. Amayi anu amenewo. Anandiyang'ana manja osati nkhope, n'kunena kuti, "A Tekiniko, khasu munayamba mwaligwirako, kapena munangoliona pa chithunzi?"

"Ndinalembako mayeso ake."

"Nanga munakhoza?"

"Khasu ndinakhoza. Chinandilaka ndi china."

"Zikuoneka," anatero, n'kupitiriza kuponda.

Anaphiri anavomera kupereka mundawo kuti ukhale wachitsanzo, koma anaika lamulo limodzi: munda wawo usaone moto. Ndinavomera mosavuta, chifukwa tsiku la alendo linali kutali, komanso chifukwa ndinali wokonzeka kuvomera chilichonse pakhomo pamenepo. Kuyambira pamenepo ndinkapitako pafupipafupi kukayeza nthaka. Che Amadu anandifunsa tsiku lina kuti, "Kodi nthaka ya kwa Anaphiri imasintha tsiku ndi tsiku? Minda inayi mwaiyeza kamodzi kokha." Ndinamuyankha kuti sayansi siifulumira.

Mwezi wa khumi, dzuwa likuswa mtengo, shefi anatulukira pa galimoto n'kupeza munda ukadali nkhalango, popeza anthu onse anali otanganidwa ndi kumanga. Kunali kutangotsala milungu yochepa kuti alendo, eni thandizo, abwere. Shefi anaima patali ndi chitedzecho, manja m'chiuno.

"Tentha, tekiniko. Kamtengo kamodzi ka machesi, mawa mukuunga mizere."

"Mwini munda anakana moto, shefi."

"Mufotokozere." Kenako anatsitsa mawu. "Tamvera. Bungwe lili ndi malo amodzi oti munthu akamalize maphunziro chaka chamawa, zonse kulipiriridwa. Alendo akapeza munda uwu uli woyera, mizere ili ndondondo, malowo ndi ako. Ukufuna kufa uli magawo awiri mwa atatu?"

Nthabwala ndimazikonda, koma apa ndinene zoona. Diploma imeneyo ndinkaifuna. Amayi anga anali atakhoma kale msomali wodzaipachikapo pakhoma chaka chimene ndinapita kusukulu, ndipo ndinkati ndikapita kukawaona, msomali uja ndi umene unkayamba kundipatsa moni.

Mawa lake ndinapita kwa Anaphiri ndi mawu okonzakonza: kuti phulusa ndi chakudya cha nthaka, kuti moto ndi wachangu, kuti makolo athu onse ankatentha. Anandimvetsera mpaka ndinatha mpweya. Kenako anatenga mpini wa khasu n'kunditsogolera kumapeto kwa munda. Anakweza mayangayanga a chitedze pang'onopang'ono, n'kupalasa masamba ouma. Pansi pake panali kampira ka minga, kakang'ono ngati papaya losakhwima. Poyamba ndinkayesa chipatso china chachilendo, mpaka kanapuma.

"Kanungu," anatero Anaphiri. "Alimo ambiri, akudikira mvula. Mukayatsa, mbewa zithawa, njoka zithawa, nkhwali ziuluka. Uyu akamva zoopsa sathawa. Amangodzipinda n'kumadikira kuti zidutse." Anabwezera masambawo, n'kubwerera ku khoma lawo.

Rosina anali atatitsatira. Anadikira amayi ake atafika patali.

"Tsiku limene mudzi unapsa, ife tinathawira kuphiri. Abambo anati iwo sanalakwire munthu aliyense, anatseka chitseko n'kukhala m'nyumba. Nyumbayo inali apo, pamene chitedze chakwera kwambiripo." Anandiyang'ana mokalipa ngati ndine ndanena zimenezo. "Musandiyang'ane choncho, a Tekiniko. Munda uli m'manja mwa bungwe lanu tsopano. Mukatentha palibe amene akumangeni."

Masana a tsiku limenelo ndinakhala pakhonde la loja ndikutembenuza bokosi la machesi m'manja. Ndinamufotokozera Che Amadu zonse n'kupempha nzeru. Anasisita ndevu nthawi yaitali.

"Ine ndimagulitsa machesi, ndimagulitsanso zikwanje. Chikwanje ndi chodula kuposa machesi. Ndiye monga mnzanu, ndikulangizani chikwanje."

Popeza ndine munthu wa sayansi, ndinaona kuti nkhani yotere siyenera kugamulidwa ndi mtima kapena ndi wamalonda, koma poyerekeza zamoyo ziwirizo mwadongosolo. Zimene ndinapeza ndikuzisiya pano kuti mibadwo ipindule, chifukwa sukulu sinandipatse mpata wozipereka. Chitedze ndi kanungu onse amadziteteza ndi zobaya, ndipo kufanana kwawo kumathera pomwepo. Minga ya kanungu ili poyera, ukaigwira ndi iwe wafuna. Ubweya wa chitedze suoneka bwino, umabwera ndi mphepo, umakupeza ukudutsa mumsewu ukuganiza za amayi ako. Chitedze sichingaime chokha, chimafuna mnzake woti chimukwere, ndipo chikafika pamwamba mnzakeyo saonanso dzuwa. Kwa kanungu kukwera mzere wa mbatata n'kovuta kale, amafika pamwamba akupuma wefuwefu ngati ine pa chitunda cha ku Zobue. Komabe ndisachinamizire chitedze: maluwa ake ndi okongola, ndipo nthaka imene chakhalapo zaka zambiri imakhala yakuda, yonona, chimanga chake cha mphindi zonenepa. Chimalipira lendi, kungoti mwini nyumba sichimufuna. Kanungu naye si woyera mtima kwambiri, amanunkha ndipo amayenda ndi nthata, koma amadya nkhono, mbozi ndi chiswe usiku wonse popanda kupempha malipiro a ulendo. Ena kumeneko ankamupha n'kusakaniza chikopa chake ndi mbewu kuti munda ubereke, koma Anaphiri ankati wantchito wamoyo amaposa wakufa. Chomaliza, ndipo chimene chinandithetsa mawu, ndi moto. Chitedze ukachitentha chimapsa msanga ndi phokoso lambiri, koma njere zake zimatsala m'nthaka, mvula ikagwa chimadzuka ngati sichinamve kanthu. Kanungu ukamutentha watha. Ndiye kuti machesi anga akanalanga wosalakwa n'kusiya wolakwa akuseka.

Mukhoza kunena kuti sayansi imeneyi inali ndi nkhope ya Rosina. Amayi anu amatero. Ine ndikungonena kuti ndinagula chikwanje.

Chitedze chouma sachilimbana nacho mwamphamvu. Anaphiri anatiphunzitsa kuti timayamba m'mawa mphepo isanadzuke, timawaza madzi kuti ubweya ulemere, timadula kutsinde, kenako timakoka ndi mtengo wa mphanda titaima kumene mphepo ikuchokera, n'kukakwirira m'dzenje. Iwo ndi Rosina ndi achibale awiri amene ankatithandiza ankangodzola matope m'manja ndi m'khosi. Ine ndinaona kuti imeneyo ndi njira yachikale. Ndinaboola thumba la pulasitiki n'kulivala mkati, mikono ndinakulunga zidutswa za lona, ndipo pamwamba, kuti zonse zigwirane, ndinavala juzi yaubweya ya ku kalamidade, zovala zija zinkabwera m'mabelo. Inali yobiriwira, yosokedwera munthu wa ku dziko la chisanu, wamkulu kawiri kuposa ine.

"Vulani chimenecho," anatero Rosina. "Ubweya wonse wa m'munda muno ukathera m'menemo."

"Ndicho cholinga chake. Ukakhala m'juzi ndiye kuti suli pa ine."

"Nanga pomaliza muitani?"

"Sayansi idzaona."

Mwa njira ina ndinkanena zoona. Juzi ija inkagwira ubweya wonse, moti patapita masiku inayamba kunyezimira padzuwa ngati ya mfumu ya kunja. Poweruka ndinkaivula ndi timitengo tiwiri n'kuipachika mumtengo, ndipo ngakhale mbuzi zinkailambalala. Koma m'khosi ndi m'mikono chitedze chinkapezabe khomo. Kuyabwa kwake sindingakufotokozereni. Kumayamba ngati funso laling'ono, kenako thupi lonse likufuna kuyankha. Tsiku lina ndinavina gule amene sanapatsidwebe dzina, ndipo Rosina anaseka mpaka anakhala pansi. Aka kanali koyamba kumva kuseka kwake. Anaphiri anandimata dothi lonyowa la pachulu, n'kundiuza kuti ndikhale padzuwa osakanda mpaka liume, chifukwa likamasweka limachoka ndi ubweyawo. Akanungu amene tinkawapeza tinkawakunkhunizira m'dengu n'kukawaika m'tchire la kumtsinje. Mmodzi anatambasuka ali m'dengumo, anatulutsa kamphuno kakuda konyowa, n'kundiyang'ana ngati mwini loja amene wadzutsidwa masana.

Tinagwira mmene tikanathera, koma manja si moto. Tsiku la alendo linafika theka la munda lili ndi mizere, theka lina likadali la chitedze. Tinauzidwa kuti afika dzuwa litapendeka, ndiye ndinati ndikoke pang'ono m'mawa ndisanakasambe. Anafika m'mawa womwewo. Galimoto ziwiri zinaima, munatuluka shefi Baltazar ndi malaya ake oyera amikono yaifupi, azungu awiri, mwamuna ndi mkazi, ndi womasulira. Shefi anayang'ana theka losalimalo, ndipo ndinaona nsagwada zake zikulimba. Koma ndanena kale kuti anali ndi luso. Anandiona ndili ndi chikwanje m'manja, thukuta lili kamukamu, ndipo nthawi yomweyo nkhope yake inawala.

"Taonani!" anauza alendowo. "Tekiniko wathu sakhala muofesi. Amagwira ntchito limodzi ndi anthu!" Anatambasula manja n'kuyamba kubwera.

Chiyambire kumugwirira ntchito, munthu ameneyu anali asanandipatseko ngakhale dzanja. Koma anthu a m'maofesi athu alendo akakhalapo amakumbatirana mwa Chipwitikizi, chifuwa pa chifuwa, n'kumenyana pamsana.

"Shefi, dikirani kaye..."

"A Tekiniko, thawani!" anakuwa Rosina.

Sindinathawe. Ndinaima chilili, mapewa m'makutu. Anandikumbatira mwamphamvu, tsaya lake pa phewa langa, n'kundimenya pamsana ndi manja onse awiri, ndipo pa kumenya kulikonse juzi ija inkafuka kautsi kagolide kamene mphepo inkakatengera kwa alendo.

Anayamba kulankhula. Ziganizo zoyamba zinayenda bwino. Atafika pa mawu akuti chitukuko, dzanja lake linapita kukhosi. Analibweza. Linapitanso. Anayamba kuponda mwendo uwu ndi uwo ngati waima pa makala, koma mawu sanasiye, ndipo pa ichi ndimamulemekeza mpaka lero. Womasulira anayamba kumasulira akukanda. Mzungu wamwamuna ankadzimenya m'mikono akufunafuna udzudzu. Pomaliza shefi anasiya chiganizo pakati n'kung'amba mabatani.

Anaphiri ndi amene anatenga ulamuliro. "Rosina, dothi. Inu bambo, khalani apa. Musakande mwananga, mukungoulowetsa." Shefi sanamve liwu ndi limodzi lomwe, koma anakhala. Anamumata kuyambira m'makutu mpaka m'chiuno, namukhazika pa chitsa kuti aume, ndipo anaoneka ngati nkhokwe yatsopano yovala buluku lositidwa. Alendo anamatidwa m'mikono mokha. Podikira kuti dothi liume, mzungu wamkazi anasuzumira m'dengu n'kupeza kanungu wa m'mawa umenewo. Zithunzi zonse zimene anabweretsera mizere zinathera pa iye.

Moatize, kumapeto kwa 1994

Shefi anandiitanitsa sabata yotsatira. Ndinakwera lole ya makala, kutsika kuphiri kulowa m'ng'anjo ya Moatize. Shefi anali kuseri kwa tebulo, malaya oyera, khosi lili ndi mikwingwirima yofiira.

"Ndinakuuza kuti utani?"

"Nditenthe, shefi."

"Unatentha?"

"Ayi."

"Chifukwa?"

Ndinaganiza zomufotokozera za njere zotsala m'nthaka, za kanyama kosathawa, za nyumba imene inali pamenepo. Koma nkhani ya nyumbayo sinali yanga yoti ndiziyenda nayo m'maofesi. Ndinangoti, "Ndinalonjeza mwini munda, shefi."

Anadzikanda m'khosi. "Za juzi ija sindikuimba mlandu, ndinabwera ndekha. Koma ndinakupatsa lamulo, ndipo alendo anapeza theka la munda. Malo a sukulu ndapereka kwa wina. Iwe ukhala ku Zobue. Mpaka liti, sindikudziwa." Nditafika pachitseko anandiitananso. "Tekiniko. Dothi lija, ndi la pachulu chilichonse, kapena pali chulu chake? Kumsanaku sikunathe."

Sindinamusungire chakukhosi, iyenso sanandisungire. Anakwera mpaka ku likulu, ndipo nthawi zonse akadutsa ku Zobue ankaima kudzandipatsa moni, wa dzanja lokha, ataima patali pang'ono. Mpata wa sukulu sunabwerenso. Tsiku lija nditatuluka muofesi ndinadutsa kwa amayi anga kukawauza, ndipo anangoti, "Wadya?" Ndikanakonda akanandikalipira.

Ndinabwerera kumtunda mvula yoyamba itagwa. Nthaka inali kununkhira, ndipo Anaphiri ndi Rosina anali m'munda akubzala m'theka lolimidwalo, wina kumapeto uku, wina uko. Rosina sanaweramuke.

"Akutani ku Moatize?"

"Sukulu yapita kwa wina."

Anaponya njere, anafotsera ndi phazi. "Ndiye muchoka liti kuno?"

"Sindichoka. Akuti ndikhale konkuno."

"Mpaka liti?"

"Sananene."

Anaponyanso njere, anafotseranso, kenako anakweza mawu. "Amayi! Akuti sakupita."

"Ndamva," anayankha Anaphiri kutsidya kwa mizere, nawonso osaweramuka. "Afunseni ngati ali ndi amalume."

"Akuti muli ndi amalume?"

"Ndili nawo. Ali ku Nkondezi."

"Ali nawo, amayi!"

"Awauze abwere mvula isanakule. Mitsinje ikadzaza sadzawoloka, ndipo ine sindingamasunge mwana wa eni m'munda mwanga chaka chonse popanda woti ndilankhule naye."

Ndinakonza kukhosi kuti ndiyankhe ndi mawu oyenera tsiku lalikulu ngati limenelo. Ndinali nditangofika pa "Amayi, ine monga munthu," pamene amayi anu anandiika chitini cha mbewu m'manja.

"Mzere wanu ndi uwo, a Tekiniko. Muzilankhula mukubzala."